Malamulo Akale a Angerezi ndi Mabuku Amene Anawasunga

M'caka ca 1957 kunasindikizidwa ku Oxford buku limene munthu wolitsegula koyamba sangalikonde msanga. Analilemba ndi Neil Ker, ndipo dzina lace ndilo Catalogue of Manuscripts Containing Anglo-Saxon, ndiko kunena kuti mndandanda wa mabuku olembedwa pamanja m'mene muli mau a Cingerezi cakale. M'bukumo mulibe nthano, mulibenso mbiri ya nkhondo. Muli manambala oposa 400, ndipo pansi pa nambala iri yonse pafotokozedwa buku limodzi kapena cidutswa cace: kumene lisungidwa, kuculuka kwa masamba ace, msinkhu wace, maonekedwe a dzanja la amene analilemba, ndi mau a Cingerezi cakale opezekamo. Anthu ambiri ayesa nchito yotere kuti ndi ukalaliki cabe. M'nkhani ino tifuna kuiyesa pa mbali imodzi yokha, ndiyo ya mabuku a malamulo a mafumu akale a ku England, kuti tione cimene mndandanda wotere utiphunzitsa, ndiponso pamene uperewera. Maganizo athu ndi akuti munthu sangamvetse lamulo lakale asanadziwe buku limene linalisunga.

Buku la ku Rochester

Tiyambe ndi malamulo akale koposa onse. M'caka ca 597 Augustine ndi anzace, otumidwa ndi Papa Gregory, anafika ku Kent nalandiridwa ndi mfumu Æthelberht. Pasanapite zaka zambiri mfumuyo inalembetsa malamulo a anthu ace. Mafumu a Afranki ndi a mitundu yina ya ku Ulaya anali atalembetsa kale malamulo ao m'Cilatini, koma a ku Kent analembedwa m'cinenero ca eni dziko. Cifukwa cace malamulowa ayesedwa mau akale koposa ena onse amene atsala m'Cingerezi, ndipo wophunzira zinenero ayenera kuwalemekeza.

Ambiri a malamulowo ndi a dipo. Wopha mfulu alipe masheleni 100. Wokolowola diso la mnzace alipe 50. Wodula cala cacikulu ca dzanja, 20. Wodula khutu, 12. Wogulula dzino la patsogolo, 6. Wakuba katundu wa chalichi abweze kakhumi ndi kawiri, wa bishopu kakhumi ndi kamodzi, koma wa mfumu kasanu ndi kanai. Sheleni la masiku amenewo linali la mtengo wapatali, losiyana ndi la m'zaka za pambuyo pace. Munthu amene anakhalapo pa bwalo la milandu la kumudzi adzazindikira mwambo umenewu wosabvuta: mlandu utha ndi kulipa, kuti abale a wopwetekedwa asabwezere okha.

Koma tsono tidziwa bwanji kuti amenewa ndiwo mau a Æthelberht? Cikopa cimene alembi ace analembapo cinatayika kalekale. Malamulowa apezeka m'buku limodzi lokha, lochedwa Textus Roffensis, la chalichi cacikulu ca ku Rochester, limene linalembedwa pakati pa 1122 ndi 1124, patapita zaka zoposa 500 mfumuyo itamwalira. Malamulo a mafumu ena a ku Kent, ndiwo Hlothhere ndi Eadric, ndiponso a Wihtred a m'caka ca 695, nawonso apezeka m'buku lomweli basi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700 bukuli linagwa m'madzi, ndipo mabanga ace aoneka pa masamba kufikira lero. Likadamira, mboni yakale yokhayo ya malamulo a mafumu anai ikadamira nalo.

Apa ndipo pamene wolemba mndandanda agwira nchito yace, pakuti mboni ikakhala imodzi yokha ifunika kuiyesa bwino. Ayamba wawerenga masamba ndi kuona m'mene zikopa zinapindidwira ndi kusokedwa m'mitolo, kuti adziwe ngati palibe tsamba losowa kapena lolowetsedwa pambuyo. Atatero apenyetsetsa dzanja la mlembi, popeza mbadwo uli wonse uli ndi kaumbidwe kace ka zilembo. Mwa njira yomweyi akatswiri anaona kuti pafupifupi buku lonse la ku Rochester linalembedwa ndi munthu mmodzi. Caka cace anacipeza m'maina a mabishopu olembedwa momwemo: pamene dzanja la mlembi woyamba lilekezera, ndi pamene manja ena ayamba kuonjezera maina, ndipo pamene pali malire a nthawi yace. Adaonanso kuti mlembiyo, ngakhale anakhala m'masiku a Anormani, anasunga m'malamulo a ku Kent mau ndi kalembedwe kamene kadatha kale anthu a m'badwo wace asanabadwe. Lisi Oliver anasonkhanitsa mau otere m'buku lace la m'caka ca 2002. Ici cisonyeza kuti mlembiyo anali ndi buku lakale pamaso pace, ndipo analikopa mokhulupirika. Pali mboni yinanso: Bede, amene anatsiriza mbiri yace m'caka ca 731, anena kuti Æthelberht analembetsa malamulo m'cinenero ca Angerezi, nayika poyamba za dipo la katundu wa chalichi ndi wa bishopu. Umo ndi m'mene ayambira malamulo a m'buku la ku Rochester.

Moto wa m'caka ca 1731

Phindu laciwiri la mndandanda lioneka pamene buku laonongeka. Ker sanali woyamba pa nchitoyi. M'caka ca 1705 Humfrey Wanley anasindikiza mndandanda wa mabuku a Cingerezi cakale amene anawaona ndi maso ace. Patapita zaka 26, pa 23 October 1731, moto unabuka m'nyumba yochedwa Ashburnham House ku Westminster, m'mene munali mabuku amene Sir Robert Cotton adasonkhanitsa. Mwa mabuku amene anapsa munali lina lodziwika ndi cizindikilo cakuti Otho B. xi, limene linali ndi mbiri ya Bede, mbiri ya zaka za mafumu, ndi malamulo a Alfred ndi a Æthelstan. Lero patsala zidutswa zowauka. Zimene zinali m'bukumo tizidziwa cifukwa Wanley adazifotokoza moto usanabuke, ndiponso cifukwa Laurence Nowell adalikopa pamanja m'caka ca 1562. Anthu awiriwa sanadziwe za moto ulinkudza. Anangocita nchito yao mosamala.

Zolembedwa zonamizira

Phindu lacitatu ndilo kugwira bodza, kapena tinene kuti kulekanitsa cakale ceniceni ndi cimene cingobvala maonekedwe akale. Titenge zitsanzo ziwiri.

M'caka ca 1568 William Lambarde anasindikiza buku loyamba la malamulo a Angerezi akale, lochedwa Archaionomia, pogwiritsa nchito mapepala a mnzace Nowell. M'bukumo muli malamulo ena m'Cingerezi cakale amene sapezeka motero m'buku liri lonse la cikopa. Akatswiri anayesa kuti Lambarde anali ndi buku lina limene linatayika pambuyo pace. Koma m'caka ca 1925 Kenneth Sisam anaonetsa kuti Cingerezi ca m'malamulowo ciri ndi zolakwa zimene mwini cinenero sakadalakwa, ndi kuti cinatembenuzidwa kucokera ku Cilatini m'masiku a Mfumukazi Elizabeth. Munthu wa m'zaka za m'ma 1500, posowa mau enieni, adadzipangira ace. Kwa zaka zoposa 350 mau amenewo anawerengedwa ngati a mfumu Æthelstan.

Citsanzo caciwiri ndico lamulo lochedwa la Edward ndi Guthrum, limene lidzinenera kuti ndi pangano la mafumu a Angerezi ndi mfumu ya Adani. Panali mfundo yobvuta, pakuti Guthrum anamwalira m'caka ca 890, ndipo Edward analowa ufumu m'caka ca 899. M'caka ca 1941 Dorothy Whitelock anaonetsa kuti kanenedwe ka m'lamulomo ndi ka Wulfstan, bishopu wamkulu wa ku York kuyambira 1002 kufikira 1023, yemweyo amene analembera malamulo mfumu Æthelred ndi mfumu Cnut. Wulfstan anafuna kuti anthu a kumpoto apereke zopereka za chalichi ndi kusunga masiku opatulika, ndipo anaika zofuna zacezo m'kamwa mwa mafumu amene adamwalira zaka 100 zapitazo. Tiyenera kubvomera kuti Whitelock anagwira zimenezi ndi khutu, pomva kanenedwe, koposa ndi diso. Koma diso linadzamthandiza, pakuti m'caka ca 1971 Ker anazindikira dzanja la Wulfstan mwini wace m'mabuku angapo, m'mene anali kufafaniza mau ndi kuonjezera ena m'mphepete mwa masamba. Limodzi la mabukuwo, Nero A. i, ndi buku la malamulo. Motero tidziwa tsopano kuti malamulo ambiri a zaka zotsiriza za ufumu wa Angerezi akale anafika kwa ife atapita pa tebulo la munthu mmodzi amene anali ndi zolinga zace.

Zimene ziri pa tsamba loyandikana

Phindu lacinai, limene ife tiyesa lalikulu koposa, ndilo lakuti mndandanda utiuza zimene zinalembedwa pamodzi ndi lamulo. Buku la malamulo la mfumu Alfred, amene anamwalira m'caka ca 899, siliyamba ndi dipo ai. Liyamba ndi Malamulo Khumi ndi maweruzo ena a Mose ocokera m'buku la Eksodo, otembenuzidwa m'Cingerezi. Litero licula kalata ya atumwi ya m'Macitidwe 15. Pamenepo padza malamulo a Alfred mwini. Ndipo potsiriza padza a Ine, mfumu ya ku Wessex imene inalamulira pafupifupi zaka 200 Alfred asanalamulire. Zonse pamodzi zagawidwa m'mitu 120, ndizo zaka zimene Mose anakhala ndi moyo. Buku lakale koposa limene lasunga zimenezi liri ku Corpus Christi College ku Cambridge, nambala 173, ndipo m'menemo malamulo atsagana ndi mbiri ya zaka ndi maina a makolo a mafumu a ku Wessex. Woona bukulo lonse azindikira cimene eni ace anafuna kunena, kuti Angerezi ndi mtundu wolandira cilamulo monga Aisrayeli, ndi kuti nyumba ya Alfred ndiyo yocisunga.

Nanga osindikiza anacita ciani? M'caka ca 1922 F. L. Attenborough anatulutsa buku lothandiza ophunzira, limene ambiri anaphunziramo malamulowa. Iye anasiya mau a Mose, powayesa osafunika kwa wophunzira malamulo, nacotsa malamulo a Ine kumapeto nawaika patsogolo pa a Alfred cifukwa ndiwo akale. Kucita kotero kuoneka kwanzeru, koma kunapasula nyumba imene Alfred adamanga. Kunabisanso cinthu cofunika, cakuti malamulo a Ine sapezeka kwina kuli konse paokha. Tiwadziwa monga momwe Alfred anafunira kuti tiwadziwe.

Liebermann ndi Wormald

Pa nkhani imeneyi pali mabuku awiri akulu amene tiyenera kuwayerekeza. Felix Liebermann wa ku Berlin anasindikiza Die Gesetze der Angelsachsen m'mabuku atatu pakati pa 1903 ndi 1916. Iye anapatsa buku liri lonse la cikopa cilembo cace, monga H kwa la ku Rochester ndi E kwa la ku Cambridge lija, nandandalika mau a mabukuwo m'mizere yoyandikana kuti wowerenga aone pamene asiyana. Malamulo a Æthelberht anawagawa m'ndime 90. Khama lace palibe amene waliposa, ndipo maina ndi manambala amene anapatsa malamulowa agwirabe nchito. Koma popeza anaika lamulo liri lonse pansi pa mfumu yace mwa ndondomeko ya zaka, wowerenga atuluka ndi cithunzi cakuti dziko linali ndi mpambo wa malamulo wolongosoka, wonga wa maboma a masiku a Liebermann mwini.

Patrick Wormald, m'buku lace la m'caka ca 1999 lochedwa The Making of English Law, anabweza malamulowo m'mabuku m'mene adacokera, nafunsa za buku liri lonse kuti analilemberanji. Anapeza kuti malamulo ena akhala pamodzi ndi mbiri, ena ndi maulaliki ndi malangizo a kulapa, ena pa masamba otsala a m'mabuku opatulika, monga kalata ya Cnut ya m'caka ca 1020 imene iri m'buku la Uthenga Wabwino la ku York. Mabuku akulu osonkhanitsa malamulo ambiri, monga la ku Rochester, anadza Anormani atalanda dziko m'caka ca 1066, pamene amonke anafuna umboni wa mwambo wakale ndi wa minda yao; ndipo theka laciwiri la buku la ku Rochester ndi makalata a minda ya chalichico. Wormald adasanthulanso milandu yoposa 170 imene mbiri yace yatsala, ndipo sanapeze mlandu m'mene woweruza anachula ndime ya lamulo lolembedwa. Cifukwa cace anati mafumu analembetsa malamulo makamaka kuti aoneke ngati Mose ndi mafumu a Aroma, koma pa bwalo milandu inali kuweruzidwa ndi mau a pakamwa.

Pamene nchitoyi iperewera

Tsono tiyese mauwa. Umboni wa Wormald ndi wolimba pa zimene mabuku otsala aonetsa, koma ufooka pamene ayamba kunena za zimene sizinatsale. Mabuku amene apulumuka zaka 1,000 ndiwo amene anakhala m'bokosi la chalichi osagwiridwa kawirikawiri. Kacikopa kamene kapitao wa mfumu ananyamula popita ku bwalo, kamene kanabvumbwa ndi mvula ndi kupindidwa masiku onse, kakadatha msanga, ndipo palibe mmonke amene akadakasunga. Tiri ndi umboni wakuti zotere zinalipo, pakuti mfumu Edward, mwana wa Alfred, analamula akapitao ace kuti aziweruza monga kwalembedwa m'buku la maweruzo. Mfumu siuza anthu kuyang'ana m'buku limene sangalipeze. Wina angayankhe kuti ku dziko la Afranki kwatsala mabuku oposa 80 a lamulo lochedwa Lex Salica, pamene ku England atsala owerengeka, ndi kuti kusiyana kotere sikungakhale kwa ngozi yokha. Yankho limeneli ndi lamphamvu ndithu, ndipo ife tibvomera kuti malamulo olembedwa anali ocepa mphamvu ku England kusiyana ndi kwa Afranki. Koma kucepa sikufanana ndi kusowa. Mndandanda uwerenga zimene ziripo; pa zimene zinatayika ungokhala cete, ndipo kukhala cete kumeneko sitiyenera kukuyesa umboni.

Cobvuta cina ciri m'malire a mndandanda. Ker analemba mabuku okhala ndi Cingerezi cakale okha. Koma m'masiku a mfumu Henry woyamba, munthu wina wosadziwika dzina anatembenuza malamulo ambiri m'Cilatini m'buku lochedwa Quadripartitus, ndipo malamulo ena, monga limodzi la mfumu Edmund ndi lina lonena za msonkho wa amalonda a ku London, atsala m'Cilatinico mokha. Wofuna zimenezo sathandizidwa kwenikweni ndi Ker. Helmut Gneuss, m'mndandanda wace wa m'caka ca 2001, analowetsa mabuku a Cilatini omwe, koma analekezera pa caka ca 1100, kotero kuti buku la ku Rochester liri kunja kwace. Mmodzi anadula ndi cinenero, wina anadula ndi caka, ndipo onse awiri anadula pakati pa malamulo. Tionjezere kuti mau a Ker ndi ofupikitsidwa kwambiri, odzala ndi zizindikilo, kotero kuti woyamba kuphunzira asowa womtsogolera. Ndi kuti Wormald anamwalira m'caka ca 2004 asanatsirize buku laciwiri, m'mene anati adzafotokoze za mabwalo a milandu.

M'caka ca 2014 buku lonse la ku Rochester linajambulidwa ndi kuikidwa pa intaneti, ndipo munthu ali yense akhoza kuona mabanga a madzi aja ali kwao. Ici ncabwino, koma cithunzi sicionetsa m'mene mitolo inasokedwera, ndipo sicinena caka. Wopenya cithunzi asowabe munthu amene anakhala pansi ndi bukulo masiku ambiri, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Mau kwa aphunzitsi a mawa

Inu amene mukonzekera kukaphunzitsa ana cinenero cao, nkhani iyi ikukhudzani pa cinthu cimodzi. Malamulo a ku Kent anali mau a pakamwa amene analowa m'zilembo pamene amishoni anafika, ndipo cinenero cathu cinayenda njira yofanana nayo. Nthano, miyambi ndi miyambo imene muiwerenga m'mabuku osindikizidwa inanenedwa ndi munthu wina, inalembedwa ndi wina, ndipo kawirikawiri inakonzedwa ndi wacitatu. Mukatenga buku lotere funsani mafunso a wolemba mndandanda: ananena ndani, analemba ndani, liti, analemberanji, ndipo anasiya ciani?

Ndipo inu eni mukadzatumidwa kukalemba mau a nkhalamba, kumbukani mlembi wa ku Rochester. Iye akadakonza mau akale aja kuti afanane ndi kanenedwe ka masiku ace, sitikadakhala ndi njira yodziwira kuti ndi akale. Lembani monga mwamva, ngakhale liu likhale lacilendo kwa inu. Pa tsamba loyamba lembani dzina la wonena, mudzi wace, tsiku ndi caka, ndi dzina lanu. Mukakopa m'kope la mnzanu, nenani kuti mwakopa, ndipo mukasintha kanthu onetsani pamene mwasintha. Nchito imeneyi itenga mphindi zowerengeka, ndipo amene adzatsegula kope lanu inu kulibe sadzakhala ndi wina womfunsa.